Nthutumba Yabwerera M'poto

Loweruka masana, dzuwa la Okutobala likuotcha ngati anthu a ku Mambwe analilakwira, a Abson anakhala pakhonde ndi foni m'manja, thukuta likutsetsereka kumsana. Mawa lake mapemphero akatha mpingo wonse unayenera kuonera pa tivi kanema wa phwando lotsanzikana ndi abusa, kenako kukweza manja kusankha mkulu wa mpingo watsopano pakati pa a Abson ndi a Paskale.

Vuto linali limodzi chabe. Paphwandopo a Abson anamangirira okha foni ku mtengo wa mango kuti ijambule pemphero lomaliza la abusa. Anthu onse atatsinzina, munthu amene anaoneka kumbuyo kwa abusa akuvundukula poto wa alendo, kumeza nthutumba ya nkhuku ndi kulowetsa ntchafu m'thumba la jekete, anali a Abson omwewo. Kudula kunali kosatheka, pemphero la abusa silidulidwa pakati. Koma ku loji ya alendo oona nyama ya ku Chinzombo kumene amagwira ntchito anaphunzira kuyendetsa kanema chafutambuyo, masewera oseketsa azungu, njovu ikubwezera masamba mumtengo. Ndiye anabweza kachigawo chawocho, naganiza zoyesera kaye pa akazi awo. Mwamuna akadziona kuti wachenjera, sakhalitsa asanafune mboni.

"Amake Tina, tabwerani muone zimene mwamuna wanu amachita anthu akatsinzina."

Akazi awowo, a Aida, anali kusankha mpunga m'lichero. Sanatukule ndi mutu womwe.

"Ndikuzidziwa. Amaliza mkonono."

"Za kutchalitchi izi. Masekondi sate chabe."

Anabwera akukoka kampando, lichero lili m'manja.

"Ngati ndi za phwando lija, ine mtima sunatsikebe. Nkhuku ya mlendo kufika patebulo yopanda nthutumba! Mlendo ukamumana nthutumba ndiye kuti wamuuza kuti wamupatsa makombo. Amayi busa anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapatapata, poti mkulu wa ophika ndinali ine."

"Iwalani za nthutumba. Penyani apa."

Anadina. Abusa anaoneka atakweza manja, anthu atazyolika. Kumbuyo kwawo kunatulukira munthu wa jekete yofiirira, zidendene zili patsogolo.

"Ameneyu ndinu?"

"Ndine ndithu."

"Nanga mukuyenderanji chafutambuyo?"

A Abson anakanda chibwano. Za miyendo anali asanaziganizire.

"Ulemu. Sindinafune kufulatira abusa akupemphera."

"Muli kumbuyo kwawo, ndipo atsinzina. Akanakuonani ndi chiyani?"

"Mulungu amaona, amake Tina."

"Ee, amaona."

Mawuwo sanawakomere a Abson.

"Nanga utsiwu?" A Aida anaika chala pagalasi. "Ukutsika kulowa m'moto."

"Mphepo ya kuno kuchigwa. Simuidziwa?"

"Ndakhala kuno zaka twente. Sindinaonepo utsi wobwerera ku nkhuni. Aa, nanga nkhuku iyo! Ikulavula chimanga pansi, chimodzichimodzi."

"Yakhuta."

"Nkhuku sikhuta. Chitopa chimenecho. Ndi ya amake Sydney, ndiwauze aiphe isanapatsire zanga."

"Siyani nkhuku yamoyo! Penyani munthu!"

Munthu uja anafika papoto, anatembenuka, anavundukula. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa ntchafu ya nkhuku yonenepa, yonyezimira, naiika m'poto mosamala ngati akugoneka khanda. Pamenepo a Abson anaimitsa kanema, nakhala tsonga.

"Mwaona? Ena amachotsa, ine ndimawonjezera. Mwakachetechete, dzanja lamanzere osadziwa. Paskale angachite zimenezi? Paskale ngakhale mchere sangabweretse."

A Aida anaika lichero pansi pang'onopang'ono. Mwamuna wanzeru akanathawa pomwepo.

"Atate ake Tina, ntchafuyo mwaitenga kuti?"

"M'thumba. Mwaona nokha."

"Ndaona kuti m'thumba. Thumba siliswa nkhuku."

"Ya pakhomo pano."

"Nkhuku zanga ndi seveni. Ndazitsegulira ndekha m'mawa uno, ndipo iliyonse yatuluka ndi miyendo iwiri."

"Ndiye kuti ndinagula."

"Ndiye kuti? Munagula kapena simunagule?"

"Ndinagula!"

"Yophikaphika, msuzi ukudontha? Sitolo yake iti imeneyo?"

"Ndinaphika ndekha."

A Aida anaseka kamodzi, kuseka kouma.

"Inu? Munthu amene munapsereza madzi a tiyi ine ndili kuchipatala?"

"Chabwino, anandipatsa ophika a kuloji."

"Kuloji munachokako Lachinayi. Phwando linali Lamlungu. Ntchafu kugona m'thumba masiku atatu ndi kutentha kumeneku? Ndiye abusa munawapatsa yovunda?"

"Iai! Inali yatsopano. Yotentha ndithu, inandiotcha ndi nthiti zomwe."

Chimenecho chokha ndicho chinali choona pa zonse zimene ananena tsikulo, ndipo ndicho chinawagwetsa.

"Yotentha," anabwereza a Aida. "Kuchoka pano kufika kutchalitchi ndi fote minitsi panjinga. Ikanazizira. Ndiye kuti amene anakuphikirani amakhala pafupi ndi tchalitchi."

"Amake Tina..."

"Pafupi ndi tchalitchi pali nyumba ziwiri. Ya Queen uja mwamuna wake anapita ku Lusaka osabwerako, ndi ya abusa."

"Si Queen!"

"Ndiye amayi busa?"

"Mayo! Tsekani pakamwa, anthu angamve!"

"Ndiye Queen."

"Palibe Queen! Mukuyang'ana kumene ntchafu yachokera, bwanji osayang'ana kumene yapita? Yapita kwa mtumiki wa Mulungu!"

"Zaka twente, simunanditulutsirepo ngakhale phiko m'thumba limenelo. Ndikalichapa ndimapezamo makoko a mtedza. Lero liswa ntchafu. Patseni foniyo."

"Pathera pomwepo."

"Sipanathe. Kamzere kali pakati."

A Aida anailanda, nadina okha. A Abson anatambasula dzanja, koma dzanja la munthu amene wakhala akutunga madzi pachitsime moyo wake wonse silibwezedwa ndi la munthu wonyamula tochi younikira nyama pagalimoto ya azungu.

"Mukutafuna," anatero a Aida. "Simunaike kanthu m'kamwa, koma mukutafuna. Khosi likukwera. Likukwera... Mayo ine! Mayo ine, amama!"

Pagalasipo a Abson anapisa zala ziwiri m'kamwa, natulutsa nthutumba yathunthu yopanda ndi chizindikiro cha dzino chomwe, naiika m'poto wa abusa. Anavundikira, nachoka chafutambuyo, akuyang'ana uku ndi uku.

Patali njiwa inalira.

"Imeneyo," anatero a Abson potsiriza, "ndi mphatso yachiwiri."

"Yochokera m'mimba?"

"M'kamwa chabe. Ndinaisunga mutsaya kuti isazizire."

"Mwatafuna, koma yatuluka yathunthu."

"Ndimatafuna mbali inayo."

"Mbali inayo muli chiyani? Mutu wa nkhuku?"

"Amake Tina, inu mumadandaula kuti nthutumba inasowa. Si imeneyo? Yapezeka! Mawa mpingo wonse uona kuti m'poto munali nthutumba. Ndakuyeretsani dzina. Munthu wina akanathokoza."

A Aida anaganiza, chala chili pamlomo. A Abson anaona ngati chigumula chayamba kuphwa.

"M'poto inalowa."

"Eya!"

"Koma patebulo sinafike."

"Aa... zimenezo ndi za ophika."

"Ophika ndine. Ndinavundula poto yense pamaso pa amayi busa, munalibe. Nthutumba ndi nyama yolimba, sisungunuka. Chimene chimalowa m'ndiwo n'kusungunuka ndi mankhwala."

"Mankhwala ati?"

Anasuntha kampando kawo m'mbuyo, kutalikirana ndi amuna awo.

"Munthu kubwera chafutambuyo, anzake atatsinzina. Utsi kuthawira m'moto. Nkhuku kusanza chimanga ikangomuona. Iye n'kutulutsa chinthu m'kamwa, n'kuthira m'chakudya cha abusa. Atate ake Tina, munapita kwa ndani?"

"Sindinapite kwa munthu!"

"Ukulu wa mpingo womwewu? Mpando wopanda ndi malipiro omwe, ntchito yake kuyendetsa mbale ndi kudzutsa ogona?"

"Ine mankhwala ndimawadziwa a malungo okha!"

"Nanga mawu mwatsekeranji? Abusa pakamwa pakuyenda, koma sindikumva kanthu."

"Foni yatentha. Dzuwa."

A Aida anadina pambali. Mawu a abusa anatuluka ngati munthu akuyamwa mpweya m'botolo: "Nnyeshwa... upf... ayikos... nyeee."

"Akuti chiyani?"

"Malilime."

"Mpingo wathu sitilankhula malilime. Chaka chatha mnyamata wina anayesa, inu nomwe munamutulutsa kunja mutamugwira khutu."

"Chihebri tsono. Anaphunzira kusukulu ya ubusa."

"Zaka naini akhala nafe. Chinyanja amalankhula, Chikunda anayesetsa, Chizungu amachiika pa chopereka. Ichi sindinachimvepo. Mwawapotoza lilime abusa!"

"Asa! Inu munalipo! Pemphero munalimva ndi makutu anu, linali la Chinyanja choyera!"

"Makutu amamva zimene azolowera. Foni ilibe chizolowezi."

Anaimirira, namasula chitenje, nachimanganso molimba m'chiuno, kumanga kwa ulendo.

"Mukupita kuti?"

"Kwa a Edwell, ankhoswe athu, za Queen. Ndikachoka uko kwa abusa, akamwe makala asanakwere basi ya ku Chipata. Njinga ili ndi mpweya?"

A Abson anadumpha, natseka njira ndi manja onse awiri.

"Dikirani! Khalani pansi ndikuuzeni. Kanemayu sakuyenda mmene zinthu zinayendera. Ndamutembenuza ine. Muli batani mufonimu, ukadina, zomaliza zimayamba, zoyamba zimamaliza."

"Zimene zinachitika kale zimabwerera?"

"Zimabwerera."

"Ndiye chaka chatha njovu zitatidyera chimanga munda wonse, batanilo munalisunga kuti? Tinagona ndi njala inu muli nalo m'thumba?"

"Chimanga sichibwerera! Chithunzi chokha!"

"Ndiye chithunzichi ndi bodza."

"Si bodza. Ndi zoona, koma zoyambira kumapeto."

"Zoona zoyambira kumapeto." A Aida anawayang'ana ngati mwana amene wabwera ndi nsapato imodzi. "Ine mutu wanga ndi wa mpunga, atate ake Tina. Ndiyankheni chimodzi. Ntchafu munaika m'poto kapena simunaike?"

"Pafoni ndinaika."

"Kutchalitchi?"

A Abson anayang'ana denga. Anayang'ana pansi. Anaika pasikelo ufiti, Queen ndi ntchafu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anaona kuti kuba ndi tchimo lopepuka.

"Kutchalitchi... ndinabwereka."

"Munabwereka."

"Ndinachotsa."

"Nthutumba?"

"Ndinameza. Fungo linali kundiitana kuyambira teni awazi, pemphero silinali kuoneka kuti litha. Ndine munthu, amake Tina."

A Aida anapukusa mutu mwachisoni.

"Taonani mmene Queen wakugwirirani. Mpaka kudzinamizira kuba kuti mumubise."

"Sindikunama! Ndinaba!"

"Iai. Inu ndikukudziwani. Ulesi muli nawo, mwano muli nawo, ufiti ndauona lero. Koma kuba? Munthu wovala jekete mu Okutobala chifukwa cholemekeza nyumba ya Mulungu?"

"Jeketeyo ndinavalira matumba!"

"Mukungonena."

"Ndikulumbira!"

"Mboni yanu ndani? Anthu onse anali atatsinzina. Mboni yanga ndi iyi, ndaona ndi maso anga mukuika."

A Abson anagwada pakhonde, mawondo gu! pa simenti, manja m'mwamba.

"Ndine wakuba! Mwamva? Ine Abson ndine wakuba nkhuku! Ndinaba, ndinameza, ndinanyambita ndi zala zomwe!"

Belu la njinga linalira panjira. Anali a Paskale, thumba la makala kumbuyo, phazi limodzi pansi.

"Mwaswera bwanji kumeneko?"

"Taswera bwino, a Paskale!" anayankha a Abson ali chigwadire. "Tikuyeserera sewero la Lamlungu. Wakuba wa pamtanda uja."

"Mukulitha ndithu," anatero a Paskale, napalasa.

A Abson anadikira mpaka belu litazimirira. Kenako anatola foni, nafufuza kanema weniweni, amene anali asanamukhudze.

"Nayu. Wopanda batani. Penyani utsi."

A Aida anakhala pansi, koma chitenje sanamasule. Utsi unakwera kumwamba monga utsi wa anthu. Nkhuku ya amake Sydney inatola chimanga chake bwinobwino. Abusa anapempherera mvula m'Chinyanja chomveka. Ndipo munthu wa jekete yofiirira anabwera nkhope ili patsogolo, akunyang'ama ngati nyani wa kuloji pa nthawi ya tiyi, anavundukula poto, nthutumba kukamwa, ntchafu kuthumba, nachoka akupukuta milomo ndi tayi.

"Mwaona?" anatero a Abson, mawu odzaza chimwemwe. "Ndinaba! Si ndimakuuzani?"

A Aida anapuma mpweya wautali.

"Queen palibe."

"Palibe."

"Mankhwala palibe."

"Ngakhale kambewu."

"Ndiye kuti ndinu." Mawu anayamba pansi, nakwera. "Ndinu! Sabata yathunthu ndayenda chozyolika. Kuchigayo azimayi akandiona amagwirana zigongono. Amake Sydney anandifunsa ngati mano anga akadali olimba. Usiku ndimadandaula, inu n'kumati pepani amake Tina, dziko laipa, mwina ndi galu. Galu wovala tayi!"

"Ndalapa."

"Mwalapa chifukwa ndakupanikizani. Mvetserani tsono. Mawa kanemayu aonetsedwe mmene alili. Osadula, osabweza, osatseka mawu."

"Ukulu upita kwa Paskale!"

"Upite. Chimene munthu wachita anzake atatsinzina, chioneke anzake akupenya. Ndimo mmene ndinaleredwera ine. Kwathu kumtunda mwana akaba ndiwo amamumangirira fupa m'khosi tsiku lonse, aliyense aone."

"Tingodulako masekondi teni..."

"Ngakhale imodzi. Ndikhala kutsogolo, pafupi ndi amayi busa, ndione nkhope yawo."

A Abson anagwetsa mapewa. Foni inali chigonere pabondo pawo, kanema akuyendabe. Chijambulireni anali asanamuonere kupitirira pamenepa, chifukwa atangodziona okha anaimitsa pomwepo. Abusa anali atamaliza za mvula, tsopano anali kupempherera minda kuti njovu ziilambalale, ndi msewu kuti auike phula.

Kumanzere kwa chithunzi kunatulukira mayi wa bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Diso limodzi linali lotsinzina, lina likugwira ntchito. Anafika papoto mosataya nthawi, ngati munthu wodziwa utali wa mapemphero a abusa. Pansi pa chitenje panatuluka kontena ya pulasitiki ya chivundikiro chobiriwira. Ntchafu yotsala inalowamo. Mapiko onse awiri. Khosi. Anapendeketsa poto, natsanulira msuzi, osadonthetsa ngakhale dontho. Kontena inabwerera kumene inachokera, chitenje chinakonzedwa, manja anapindidwa pachifuwa. Abusa atati Ameni, Ameni wa mayiyo anamveka kuposa wa kwaya yonse.



A Abson anayang'ana foni. Anayang'ana akazi awo. Anayang'ana pawindo la khitchini, pamene kontena ya chivundikiro chobiriwira inali kuuma padzuwa.

"Ndiye ndiwo za Lolemba zija," anatero pang'onopang'ono, "munati mwapatsidwa ndi achemwali anu..."

A Aida anamasula chitenje, nasendeza kampando kawo pafupi mpaka mapewa anagundana. Anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya mpango, nalankhula ndi mawu ofewa amene a Abson anawamva komaliza asanakwatirane.

"Atate ake Tina, mwati amadina pati kuti munthu aoneke wopatsa?"